Wophunzira Wanga Ndinamuyesa Kazitape

Inu owerenga, ine ndinamangitsa munthu wosalakwa. Sindinamunamizire kuba, ndipo sindinamulembere kalata yopanda dzina ngati mmene ankachitira ena masiku amenewo. Ndinangotchula dzina lake kwa munthu wolakwika, ndili ndi maganizo oti ndikupulumutsa khosi langa. Munthuyo anali wophunzira wanga. Tsopano ndakalamba, imvi mbuu, ndipo ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi ndiinene ndekha kuti ena asadzachite zimene ndinachita ine.

Zinachitika m'zaka za chipani chimodzi, nthawi imene munthu unkayamba wacheuka usanayankhe funso lililonse. Ndinali loya, nditagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ku Blantyre. Kenako kampani ina ya malole inandilemba kuti ndizikhala ku Mwanza, kuyang'anira mapepala ndi timilandu ta katundu wodutsa pa boda. Kwathu ndi ku Ntcheu, choncho pa boma la Mwanza ndinali wobwera. Mkazi wanga anapeza malo ophunzitsa pa pulayimale ina pomwepo. Ntchito yanga inali yopepuka mpaka kutopetsa. Tsiku lonse linkathera kukangana ndi madalaivala za masitampa, munthu woti ndinazolowera kuima pamaso pa oweruza nditavala mkanjo.

Tsiku lina ndinalandira kalata yochokera ku sukulu ina ya zamalamulo ku Blantyre. Ankafuna maloya odziwa ntchito oti aziphunzitsa mwa apo ndi apo, Lachisanu masana ndi Loweruka m'mawa. Ophunzira ake anali anthu oti ali kale pa ntchito, monga makalaliki a m'makhoti ndi omasulira, amene ankafuna kukwera patsogolo. Ndinavomera ndisanamalize n'komwe kuwerenga kalatayo. Ndisakunamizeni kuti chinandikoka ndi chifundo. Ine ndinkakonda kumva mawu anga, ndipo ku Mwanza ndinkasowa ondimvera.

Tsiku loyamba, mkulu wa sukuluyo ananditengera pambali. Anatseka chitseko, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Bwana loya, m'kalasi iliyonse muli munthu wawo. Phunzitsani zimene zili m'buku basi. Mukafuna kupereka chitsanzo, anthu ake muziti A ndi B."

Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinkaseka. Zoti A wamenya B, B wakasuma, zinkandigonetsa tulo ndili pa sukulu, ndipo sindinafune kugonetsa ena. Njira yanga inali yotola nkhani zenizeni zimene ndinkamva ku Mwanza, kusintha mayina, n'kuziponya m'kalasi kuti ophunzira alimbane nazo. Ankazikonda kwabasi. Ankaseka, ankatsutsana, ndipo ine ndinkatuluka m'kalasimo mapewa ali m'mwamba.

Mwa ophunzirawo munali Yusufu. Anali bambo wa zaka pafupifupi makumi atatu, wapabanja, kalaliki wa khoti laling'ono komweko ku Mwanza. Bambo ake anali Msilamu wa sitolo pafupi ndi msika wa pa boma. Poti tonse tinkachokera kumodzi, Lachisanu lililonse tinkakwera basi imodzi ya m'mawa, ndipo iye ankandisungira malo. M'kalasi ankakhala kutsogolo. Ankalemba chilichonse chotuluka pakamwa panga, ngakhale nthabwala, mpaka anzake ankamuseka kuti ndikadzatsokomola adzalembanso. Poyamba zimenezi zinkandisangalatsa, chifukwa ndinkaona kuti ndapeza munthu wodziwa mtengo wa mawu anga.

Linafika tsiku loti ndiphunzitse za ufulu wa munthu womangidwa. Buku linkanena poyera kuti munthu akamangidwa auzidwe mlandu wake ndipo afikitsidwe kukhoti mosachedwa. Zikapanda kutero, achibale ake angathe kulemba pempho ku khoti lalikulu kuti woweruza alamule amene akumusungawo abwere naye. Tonse tinkadziwa kuti kunja kwa buku zinthu sizinkayenda choncho. Anthu ankatengedwa n'kuzimirira, ndipo otsala ankangokhala chete. Mphunzitsi wanzeru akanawerenga ndimeyo mothamanga n'kupitirira. Koma ine ndinali ndi nkhani yokoma imene dalaivala wina anandiuza, ndipo inkandiyabwa pakamwa.

Ndinawauza za telala wina wa pa msika wa Thambani, wopunduka mwendo umodzi, amene ankasokera pakhonde la golosale. Anyamata ogulitsa makhadi a chipani anamupeza kuti agule lina, pamene iye anali nalo kale. Telalayo anawafunsa ngati khadi lachiwirilo linali la makina ake osokera. Anthu pamsika anaseka. Patapita masiku awiri inabwera galimoto, ndipo kuyambira pamenepo telalayo sanaonekenso. Dzina ndinasintha, koma Thambani, mwendo ndi makina ndinazisiya momwemo. Ndinafunsa kalasi kuti achibale a munthu ameneyu angachite chiyani.

Palibe anaseka, palibenso anakweza mkono. Ena anawerama, ena anayang'ana kukhomo. Yusufu anasiya kulemba, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, n'kundiyang'anitsitsa. Kenako anawerama n'kuyamba kulemba mothamanga kuposa kale. Apa m'pamene mawu a mkulu wa sukulu uja anandibwerera. Funso langa ndinaliyankha ndekha mwachidule, n'kutsekera kalasi nthawi isanakwane.

Pobwerera ku Mwanza tsiku lotsatira, basi itangonyamuka, Yusufu anasendeza mutu kwa ine.

"Aphunzitsi, telala uja. Mukanakhala loya wa banja lake, mukanayambira pati?"

Ndinamuyankha kuti chinali chitsanzo chabe. Sabata yotsatira anabweranso ndi lina. Ankafuna kudziwa kuti pempho lija amasaina ndani, m'bale aliyense kapena mkazi yekha. Sabata inayo anafunsa kuti limaperekedwa ku ofesi iti, ndipo ngati loya angavomere kulinyamula. Nthawi zonse ankafunsa monong'ona, tili awiri, maso ali pa ine. Inu owerenga a masiku ano mwina simungamvetse, koma masiku amenewo umu ndi mmene akazitape ankakolera anthu. Sankakuopseza ayi. Ankakufunsa mwaulemu, kukusiya ulankhule wekha, kenako mawu akowo ankakapezeka atalembedwa kwina.

Mtima ukayamba kukayika, chilichonse chimasanduka umboni, ndipo ine poti ndine loya ndinayamba kusonkhanitsa wanga mwaluso. Kawiri konse ndinamuona Yusufu akulowa ku polisi ya pa boma atanyamula kaphukusi, n'kutuluka chimanjamanja. Tsiku lina ndinaona bambo ake akuseka ndi tcheyamani wa chipani pakhomo pa sitolo, atagwirana dzanja nthawi yaitali. Galimoto ina yosadziwika inaima kufupi ndi nyumba yathu masana onse. Mkazi wanga anandiuza kuti ahedi ake amufunsa kumene ndimapita Lachisanu lililonse. Ndikaganizanso za kulemba kwake kuja, za kundisungira malo m'basi, za kundinyamulira chikwama, zonse zinkagwirizana bwino lomwe. Ndinatsimikiza kuti munthu wawo m'kalasi mwanga ndi Yusufu, ndipo fayilo yanga ikunenepa sabata ndi sabata.

Ndinasintha kaphunzitsidwe. A ndi B aja anabwerera m'kalasi, ndipo ndinayamba kuyamikira boma ngakhale pamene phunziro silinkafuna. Chakudya chinasiya kulowa. Galimoto ikaima panja, ndinkadzuka pampando. Ndinali ndi ana atatu, wamng'ono asanayambe n'komwe sukulu, ndipo ndikawayang'ana ndinkaona ana oti bambo awo angazimirire tsiku lililonse chifukwa cha nkhani ya telala amene sindinamuonepo. Mkazi wanga anandiuza kuti ndingomufunsa Yusufuyo chimene akufuna. Ndinamuseka, n'kumuuza kuti zinthu izi sakuzidziwa.

Pa boma panali wapolisi wina wosavala yunifolomu, amene aliyense ankamudziwa ntchito yake koma osaitchula. Ankaitana munthu aliyense kuti alamu, choncho ifenso tinkangoti Alamu. Lamlungu masana ankasewera bawo pansi pa mtengo kuseri kwa msika, ndipo ine nthawi zina ndinkasewera nawo. Ndinaganiza motere: ngati Yusufu ndi munthu wawo, ndiye kuti nkhani yanga ali nayo kale. Chanzeru n'kupita ndekha, kukanena kuti pali wophunzira amene akundivutitsa ndi mafunso oipa ndipo ine ndikumukana. Ndikatero aona kuti ndine wokhulupirika. Yusufu sizimukhudza, chifukwa sangamange munthu wawo yemwe. Ndinaona kuti nzeru imeneyi inalibe polowera madzi, ndipo ndinadziyamikira.

Lamlungu limenelo ndinadikira mpaka osewera ena atabalalika. Ndikuyendetsa nkhomo m'maenje a bawo ngati ndikungocheza, ndinawauza Alamu kuti ndili ndi wophunzira wina amene akundifunsafunsa za mmene munthu angasumire boma pa nkhani ya omangidwa. Ndinawonjeza kuti ine zimenezo sindigwirizana nazo, ndipo ndangoti adziwe. Zoti nkhaniyo ndinaiyambitsa ndine m'kalasi sindinazitchule. Ndinkayembekezera kuti amwetulira, ngati munthu womva zimene akuzidziwa kale. Koma Alamu anasiya bawo, anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa kabuku ndi cholembera.

"Mwati ndani, alamu? Yusufu wake uti ameneyu? Mwana wa ndani?"

Munthu safunsa dzina la wantchito wake. Ndikanatha kubweza mawu pomwepo, kunena kuti mwina ndinamva molakwika, kapena kuti ndi mafunso a mayeso chabe. Koma cholembera chinali chikudikira, maso a Alamu ali pa ine, ndipo ndinaopa kuti ndikabwerera m'mbuyo dzina lolembedwa likhala langa. Ndinatchula dzina lonse, ntchito yake ndi sitolo ya bambo ake. Pobwerera kunyumba ndinkadziuza kuti Alamu akungonamizira kusamudziwa kuti amubise. Ndinadziuza zimenezi kambirimbiri mpaka ndinatsala pang'ono kuzikhulupirira.

Lachisanu linafika. Ndinapeza Yusufu atandisungira malo monga mwa masiku onse. Titayenda ndithu, anatulutsa envulopu m'kati mwa malaya n'kuiika pabondo langa.

"Ndayesa kulemba ndekha pempho lija, aphunzitsi. Simusainapo ayi, dzina lanu silionekapo. Mungondionerako ngati ndalemba bwino."

Ndinaikankha ngati yotentha. Ndinamuuza mokweza, kuti oyandikana nafe amve, kuti a Yusufu ine za mapepala anu sindikuzidziwa ndipo musandilowetsemo. Anandiyang'ana modabwa, anapepesa, n'kubweza envulopuyo m'malaya. Ndikanailandira, bwenzi pa iye pasanapezeke kanthu.

Pa rodibuloko ya kufupi ndi mlatho wa Shire, basi inaimitsidwa. Tinazolowera kuti amakwera kudzaona makhadi ndi katundu, koma tsiku limenelo anakwera amuna awiri amene sanafunse khadi la aliyense. Anangoitana dzina lake. Yusufu anaimirira, ndipo anamusecha pomwepo pakati pa mipando. Envulopu ija inatuluka. Akumutsitsa, anacheuka.

"Aphunzitsi, chonde mukawauze kunyumba."

Ine ndinayang'ana pa windo. Basi inanyamuka anthu onse ali zii, ngati palibe chachitika. Ndinakafika kusukulu, ndinaphunzitsa maola anga onse, ndipo wophunzira wina atafunsa za Yusufu ndinati mwina wadwala. Nditabwerera ku Mwanza, kwawo sindinapiteko.

Lachitatu lake, bambo ake a Yusufu anabwera ku ofesi kwanga. Anali atamva kwa kondakitala wa basi. Ndinaganiza kuti abwera kudzandilalatira, koma anakhala pansi mwaulemu, n'kuyamba kundipepesa chifukwa chondisokoneza pa ntchito. Anayang'ana kukhomo, kenako anandiuza zimene banja lawo linali lisanauzepo munthu wakunja. Telala wa ku Thambani uja anali mlongo wawo wa akazi awo, atsibweni ake a Yusufu, amene anamulera pamene ankaphunzira pulayimale. Chitengedwereni, banja lonse linasiya kutchula dzina lawo, chifukwa masiku amenewo kudziwika kuti ndiwe m'bale wa womangidwa kunali kudziitanira galimoto. Timaphukusi tija tinali bulangete ndi chakudya, zimene apolisi ankalandira osanena ngati munthuyo ali moyo. Za tcheyamani sindinafunse, chifukwa ndinali nditadziwa kale yankho lake. Wa sitolo aliyense ankayenera kuseka ndi tcheyamani kuti sitolo isatsekedwe.

"Sabata imene munanena za mlamu wanga m'kalasi, mwana wanga anafika kunyumba akunjenjemera ndi chimwemwe," anatero bambowo. "Anauza mayi ake kuti wapezeka munthu mmodzi wosaopa. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu, bwana. Mutithandize. Kwina kulikonse sitingayerekeze."

Inu owerenga, pa moyo wanga ndamvapo mawu owawa ambiri, koma awa anandilasa kuposa onse. Munthu wamkulu ankandipempha kuti ndipulumutse mwana wake, osadziwa kuti womupereka ndi amene wakhala naye maso ndi maso. Ndikanaulula pomwepo. M'malo mwake ndinavala nkhope ya loya, n'kuwafotokozera kuti nkhani zoterezi khoti silizifikira, chofunika n'kudekha ndi kupemphera. Anandithokoza ndi manja awiri. Atatuluka ndinatseka chitseko ndipo ndinalira ngati mwana, koma kulira kwangako sikunatulutse munthu.

Teremu itatha ndinalemba kalata yosiya kuphunzitsa, ndikunamizira kutalika kwa ulendo. Palibe anandifunsapo kanthu za nkhani ya telala. Galimoto imene inaima kufupi ndi kwathu ija ndinadzamva kuti inali ya munthu wodzaona chibwenzi chake kwa oyandikana nafe. Fayilo yanga imene ndinkaiopa ija mwina kunalibe n'komwe. Ngati m'kalasi mwanga munalidi munthu wawo, mpaka lero sindimudziwa.

Telala uja sanabwerere. Yusufu anatuluka patatha zaka zinayi, atawonda, maso ake akuona mwa chimbuuzi. Ntchito ya ku khoti inali itatha, za sukulu n'zosayamba kukamba. Anakhala m'sitolo ya bambo ake. Ine ndinasiya kudutsa njira ya kumsika, ndipo ndikamuona patali ndinkakhota. Zaka zinapita ndikuzemba munthu mmodzi pa boma laling'ono ngati la Mwanza.

Dziko litasintha, anthu atayamba kulankhula momasuka, ndinaona kuti chifukwa chobisalira chanditheratu. Bambo ake anali atamwalira. Ndinapita kusitolo masana ena, ndinamupeza atakhala pakhonde. Anandizindikira ndi mawu, ndipo anaimirira n'kundipatsa mpando. Ndinamuuza zonse, za bawo, za kabuku ka Alamu, za nzeru yanga yopusa ija. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anandiyankha.

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Apolisi anandiwerengera mawu anu tsiku lachiwiri nditamangidwa, ndi malo amene munawanenera. Ine ndinawauza kuti akunama, aphunzitsi anga sanganene zimenezo. Masiku atatu ndinkakana kusaina pepala lawo lovomera mlandu chifukwa cha inu. Maso awa anawonongeka masiku amenewo."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanauze bambo ake atatuluka. Anati mkuluyo ankandilemekeza, ndipo sanafune kuti afe ndi chidani mumtima. Kenako anandifunsa funso limodzi lokha, mopanda ukali, loti n'chifukwa chiyani sindinangomufunsa kuti telalayo ndi ndani wake. Anati akanandiuza tsiku lomwelo. Ndinamupempha kuti andikhululukire. Anayankha kuti wamva. Mawu oti wandikhululukira sanawanene, ndipo ine ndinalibe nkhope yopempha kachiwiri.

Inu maloya anzanga amene mumaitanidwa kukaphunzitsa mwa apo ndi apo, ntchitoyo ndi yabwino, ndipo musaikane. Koma nkhani zimene mumatola m'maofesi ndi m'misika kuti mukometsere kalasi ndi misozi ya anthu ena. Kusintha dzina lokha sikubisa munthu, ndipo simudziwa kuti pa mipando yakutsogoloyo pakhala m'bale wa ndani. Mukaitsegula nkhani yotere, khalani okonzeka kuima nayo wina akabwera kudzakufunsani zoona.

Kwa inu nonse owerenga, musaganize kuti izi zinatha ndi nthawi ya chipani chimodzi. Lero lino m'maofesi, m'mipingo ndi m'masukulu anthu akuthamangabe kukaneneza anzawo kwa akuluakulu kuti iwo aoneke oyera. Mukayamba kukayikira munthu, pitani kwa iyeyo mukamufunse, ngakhale mawu akunjenjemera. Musatengere dzina la mnzanu kwa munthu amene ali ndi mphamvu yomuwononga, ngakhale mutadzitsimikizira kuti silimupweteka. Mukalitchula mwalitchula, zimene akachite nalo simudzafunsidwanso maganizo. Ine ndinapulumutsa khosi limene palibe ankalifuna. Yusufu, munthu amene akanakhala loya wabwino kuposa ine, lero kalata ikamufika amachita kupempha ena kuti amuwerengere.